Yunifolomu ya Mayi Talandira

Mayi Talandira a ku Malomo anachoka pabanja ndi ana awiri, mwamuna atawathyola mkono. Amene anawalimbitsa mtima anali wansembe wawo wa Angilikani. "Chokani, mayi, mpingo uli nanu," anawauza.

Anawo anawalera okha polima mtedza, ndipo patapita zaka anasankhidwa kutsogolera amayi a mpingo. Koma akuluampingo anawavula yunifolomu, ati wothawa banja sangalangize anzake.

Apa n'kuti wansembe uja ali bishopu. Atabwera kudzayendera mpingowo, mayiwa anawagwadira.

"Ambuye, si inu munandiuza kuti ndichoke?"

"Za m'banja ndi zanu, mayi," anayankha bishopuyo akuyang'ana kumbali. "Mverani akuluakulu."

Lero mayi Talandira amapemphera kunyumba. Bishopu akayamba kulalikira pa wailesi, iwo amatuluka panja.