Tamanda wafunsa za azakhali Esinati

Mwaswera bwanji nonse?

Lero tinapita ku Ballymun kukaona nyumba, paja landilodi akugulitsa tikukhalayi. Mzere wake, abale, ngati wa kuchigayo. Nyumbayo atenga ena.

Pobwerera m'basi, Tamanda anatulutsa buku la nthano za ku Japan lomwe anabwereka kulaibulale, n'kundiwerengera ya mtsikana wina amene anakana kukwatiwa ndi munthu wolemera, nanyamula chowombera nsalu chake n'kudutsa phiri yekhayekha. Kenako anafunsa m'Chingerezi chakecho, "Mami, ku Malawi kulibe atsikana otere?"

Misozi inalengeza. Ndinakumbuka tsiku lija azakhali Esinati anatulukira kwathu ku Ndirande, makina osokera ali pamutu, atasiya banja ku Mulanje. Adadi atawauza kuti abwerere kwa amuna awo, iwo anangoti, "Achimwene, ine ndikupempha khonde basi." Mayunifomu athu tonse anasokedwa pakhonde limenelo.

Mwanayu ndamuuza zochepa chabe, koma tsopano akufuna chithunzi chawo kuti akaonetse anzake kusukulu. Alipo anasunga? Nanga chimene chinawachotsa ku Mulanje chija, ndimuuze panopa kapena ayambe wakula?