Mbuzi za a Ottilia Zinathera ku Mayadi

A Ottilia Mwale anabadwira m'mudzi wina kufupi ndi Mkaika, ndipo mpaka kukwatiwa kwawo anali asanagonepo m'nyumba ya chitseko chokiya. Anakwatiwa mu 1954 ndi a Enock Mbewe, mnyamata wa ku Vubwi amene anaphunzira ku mishoni n'kupeza ntchito ya ukalaliki pa boma la Katete. Mwa mwambo a Enock akanamanga kwa mkazi, koma ntchito inawamasula. Analima munda wa apongozi dzinja limodzi, kenaka anapempha kutenga mkazi wawo, ndipo abale anavomera popeza pa boma sipanali patali. Munthu wonyamuka m'mawa wapansi ankafika dzuwa lisanafike pamutu.

Poyamba anakhala ku komboni ya makalaliki, m'kanyumba ka zipinda ziwiri koyandikana ndi tinzake. Kumeneko n'kumene kunabadwira mwana wawo Susan. A Ottilia anali ndi nkhuku, mtondo pakhonde, ndi maungu oyanga kuseri. Dzinja lililonse ankapita kwawo kukalima mtedza ndi chimanga, moti chakudya chambiri cha panyumba chinkabwera pamutu kapena pa njinga. Chaka china mtedza utachita bwino anagula kambuzi kakakazi n'kukasiya kwa mlongo wawo, a Chrispin. Kambuziko kanaswa, ana ake nawo anaswa, ndipo pofika 1961 a Chrispin anali atakulitsapo khola.

Chaka chimenecho a Enock anakwezedwa pa ntchito. Anabwera madzulo ena atanyamula makiyi m'manja, osati m'thumba.

"Amake Susan, tikusamuka. Atipatsa nyumba ku mayadi."

"Ku mayadi kwa Azungu? Mukakhala mukugwira ntchito yanji kumeneko?"

"Sindikagwira ntchito. Tikakhala m'nyumba yaikulu, imene anatulukamo bwana wa zamisewu uja."

A Ottilia anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Mayadi anali kumtunda, moyang'anana ndi phiri la Mphangwe, nyumba zoyera zotalikirana, iliyonse ndi mpanda wa maluwa. Anthu akuda ankalowako m'mawa kukaphika ndi kutchetcha, n'kutuluka madzulo. Banja la a Mbewe linali loyamba la anthu akuda kupatsidwa nyumba kumeneko.

Tsiku losamuka katundu wawo yense anakwana pa ngolo imodzi, ndipo atamulowetsa m'nyumba anangoti zii, ngati sanalowetse kanthu. Mawu ankabwerera kuchokera m'makoma. Susan anathamanga chipinda ndi chipinda akufuula dzina lake kuti alimve likumuyankha. A Ottilia anatsegula mpopi wa m'khitchini, madzi anatuluka, anatseka, anatsegulanso. Chimenecho anachikonda, ndipo sanasiye kuchikonda mpaka tsiku lotuluka.

Malamulo anabwera ndi munthu woyang'anira nyumba za boma, amene anawanena mwaulemu ataima pakhomo. Nkhuku ayi. Chimanga pabwalo ayi, chifukwa chimaitana udzudzu. Kusinja ayi, chifukwa madona amapuma masana. Kapinga azitchetchedwa, mpanda uzidulidwa. Nkhuku zija anazipereka kwa anzawo a ku komboni. Mtondo anaubisa m'kanyumba ka antchito kamene kanali kuseri kwa nyumba yaikulu.

Malipiro a a Enock anakweradi, koma nyumba inkadya isanawapatse moni. Lendi ankadula ku ofesi komweko, madzi nawonso. Chimanga chimene kale chinkasinjidwa pakhonde tsopano chinkapita ku chigayo. Nkhuni zimene kale ankatola ndi anzawo m'mphepete mwa phiri tsopano ankagula, chifukwa a Enock anati mkazi wa mkulu wa makalaliki sangadutse pamaso pa mabwana atasenza mtolo. Dzira ankagula. Nkhwani ankagula, chinthu chimene a Ottilia poyamba anachita nacho manyazi kuuza mayi awo. M'khitchini munali furiji ya parafini imene inabwera ndi nyumba. Inkamwa parafini kuposa nyali zonse, ndipo masiku ambiri munkakhala botolo la madzi basi, koma a Enock sankalola kuti izimitsidwe.

Kenaka panabwera zinthu zimene nyumba yokha inkapempha. Mawindo anali aakulu, ndipo madzulo nyali ikayaka aliyense wodutsa ankaona kuti m'chipinda chochezera muli mipando iwiri yokha ya ndalema.

"Pakufunika makatani," anatero a Enock. "Ndi mipando yoti munthu akabwera akhalepo."

"Abwere ndani?"

"Aliyense. Bwana angathe kudutsa."

"Nanga tigula ndi chiyani?"

A Enock anati, "Kodi a Chrispin sangagulitseko tonde mmodzi? Kamodzi kokha."

Tonde anapita, makatani anabwera kuchokera m'sitolo ya Amwenye. Mwezi wina inapita mbuzi ya mipando. Ina inapita pa makapu a tiyi ndi mbale zake, ina pa jekete ndi nsapato za a Enock, ina pa kulipira bambo wotchetcha kapinga, amene miyezi ina ankadya bwino kwawo kuposa amene ankamulemba ntchito. Uthenga unkapita kumudzi ndi munthu wa njinga, ndipo a Chrispin sankatsutsa. Mbuzi zinali za mlongo wawo. Anangotumiza mawu kamodzi akuti, "Muwauze kuti tayamba kugulitsa zazikazi."

Dzinja la chaka chimenecho a Ottilia sanapite kukalima. A Enock anati nyumba yotere siingasiyidwe yopanda mkazi, ndipo Susan anali atayamba sukulu. Munda wawo unamera nsongole.

Atakalamba, a Ottilia akamakamba za nthawi imeneyo sankawanenera zoipa amuna awo. Ankati a Enock sanali munthu wonyada. Anali munthu wamantha. Ku ofesi ankadziwa kuti anthu akuwayang'ana mbali ziwiri: Azungu ena ankadikira kuona ngati kapinga adzasanduka thengo, ndipo makalaliki anzawo ankadikira kuona ngati chitseko chimene chatsegukacho chidzakhale chotsegula. Mwamuna ankabwera kunyumba, asanavule chipewa n'kuyamba wazungulira bwalo kuona ngati pagwa tsamba.

Masana a Ottilia ankakhala okha. Anzawo a ku komboni anabwera kamodzi, anakhala m'mphepete mwa mipando yatsopano, anamwa tiyi osalankhula zambiri, ndipo sanabwerenso. Dona wa nyumba yoyandikana anali munthu wabwino nkhope, ankakweza dzanja patali, koma Chichewa chake chinali cha kukhitchini ndipo Chingelezi cha a Ottilia chinkathera pa moni. Pang'onopang'ono anayamba kukhalira m'kanyumba ka antchito kaja. Anayalamo mphasa, anaikamo mafuwa, ndipo m'menemo ndimo ankasokera ndi kuluka tsitsi la Susan. Nyumba yaikulu ankaisesa, kuikolopa, n'kuitseka.

Mu Julaye 1962 mayi a a Ottilia anadwala chifuwa chosatha. A Chrispin anabwera nawo pa ngolo kuti azikalandira mankhwala ku chipatala cha mishoni akuchokera kwa mwana wawo. Anawakonzera chipinda chokhala ndi bedi, koma usiku umodzi unawakwana.

"Muno mukuzizira ngati m'mphika wa madzi," anatero mayiwo. "Kulibe koti munthu angaothe moto?"

Anawasamutsira m'kanyumba kakuseri, ndipo kumeneko anakhazikika mtima. Mayi ndi mwana ankacheza masana onse, nkhani za kumudzi, za amene wakwatiwa ndi amene wabwera kuchokera ku Joni. A Ottilia ankati m'nyumba ya ku mayadi masiku amene anasangalala kwenikweni ndi amenewo. Tsiku lina mayi awo anawafunsa kuti, "Kodi kuno munthu akadwala, anansi amadziwa bwanji?"

"Sadziwa, amayi."

"Nanga akamwalira?"

Mayiwo anamwalira m'mawa wina chakumapeto kwa Ogasiti, atangomwa phala pang'ono.

Uthenga unafika ku komboni msanga, ndipo amayi anayamba kukwera mtunda akulira, monga mmene zimakhalira. Anadzaza kanyumba kaja, ena anakhala pa kapinga. A Enock, amene anabwera akuthamanga kuchokera ku ofesi, anaima pakati pa bwalo akuyang'ana uku ndi uku. Palibe Mzungu amene anadandaula. Palibe mesenjala amene anatumidwa. Koma a Enock anawerama pafupi ndi mayi wina wamkulu wa mpingo n'kunong'ona kuti, "Mwina titsitseko mawu pang'ono. Kuno n'kwa eni."

A Ottilia anamva. Anasiya kulira, anawayang'ana amuna awo, ndipo a Enock anayang'ana pansi. Patapita kanthawi dona uja anafika pa geti atanyamula maluwa odula m'munda mwake. Anaima pamenepo osadziwa ngati alowe, amayi nawo osadziwa ngati amuitane. Susan ndiye anapita kukalandira maluwawo, ndipo posowa kowaika anawaviika m'ndowa.

Mtembo unapita kumudzi pa ngolo tsiku lomwelo. Kumeneko kunali anthu ambiri, chifukwa malemu anali mzamba ndipo theka la mudzi linabadwira m'manja mwawo. Madzulo a Ottilia anawaitanira pambali a Chrispin.

"Achimwene, mugwire mbuzi ziwiri mwa zanga. Ina ya anthu, ina ya adzukulu okumba manda."

A Chrispin anakanda m'mutu. "Mlongo, tiyeni mukaone nokha."

M'khola munali kamwana kambuzi kamodzi, kosasiya n'kuyamwa komwe, kamene kankayamwa kwa mbuzi ya eni ake. Nkhokwe ya a Ottilia nayo inali yopanda kanthu popeza sanalime. Anthu ankawadziwa ngati mkazi wa ku mayadi, amene amamwa madzi a m'furiji, ndipo pa maliro a mayi awo analibe ngakhale lichero la ufa lochokera m'manja mwawo. Mudzi unasonkha. Wina anabweretsa nkhuku, wina nyemba, a Chrispin anabwereka mbuzi kwa apongozi awo. Palibe amene ananena kanthu, ndipo kusanenako kunawapweteka a Ottilia kuposa mawu.

Atameta maliro, a Enock anati tsopano abwerere.

"Inu tsogolani, atate ake Susan. Ine nditsala ndisose munda."

"Nanga nyumba?"

"Nyumba ija ili ndi mwini wake, ndi boma. Munda uwu ukagona chaka china adzaupereka kwa wina."

A Enock anakhala pa chitsa. Anati akudziwa kuti analakwa tsiku lija, ndipo mawu amene ananena akuwabwerera usiku ndi usana. Koma anati sangatuluke m'nyumbamo. "Ndikatuluka adzati tinayesa, munthu wakuda walephera. Amene akubwera pambuyo panga sadzapatsidwanso."

"Sindikunena kuti mutuluke. Ndikunena kuti nyumba ija ikufuna wina woidyetsa, ndipo mbuzi zatha. Ndiye ndilime."

Anagwirizana motero, ngakhale kuti palibe mwa iwo amene anakondwa nazo. Susan anatsala ndi atate ake chifukwa cha sukulu, ndipo mwanayo nyumba ija inamuyanja: anali ndi tebulo lakelake ndi nyali yowala, ndipo ankawerenga chilichonse chimene dona uja ankamupatsira pampanda. Pambuyo pake anadzakhala mphunzitsi. A Ottilia ankanena zimenezi poyera, kuti mayadi sanangowalanda.

Dzinja limenelo analima ngati munthu wokwiya. Anadzala mtedza, chimanga, ndi thonje pang'ono kumapeto kwa munda. Loweruka lililonse a Enock ankabwera pa njinga, Susan ali pa kaliyala, n'kuvula jekete n'kutenga khasu. Manja awo anali atazolowera cholembera, moti anatuluka matuza pa mzere woyamba, ndipo a Chrispin ankawaseka poyera. A Enock ankangolimabe. Lamlungu madzulo ankabwerera ku boma ndi kathumba ka ufa ndi mtolo wa ndiwo zakudimba, zimene ankalowa nazo ku mayadi kusanade, anthu akuona.

Atakolola, a Ottilia anabwerera ku nyumba yaikulu n'kukhalako chilimwe chonse. Pamenepo n'kuti mabanja ena awiri a anthu akuda atalowa ku mayadi, lina la mkulu wa zaulimi, lina la woyendera sukulu, ndipo Azungu ena anali akumanga katundu. Mkazi wa woyendera sukulu uja anadzala mpiru pakati pa maluwa, ndipo palibe amene anabwera kudzamuletsa.

Kumapeto kwa 1963 a Enock anatumizidwa ku Sinda kukatsegula kaofesi katsopano. Nyumba ya kumeneko inali yaing'ono, pafupi ndi msewu waukulu wopita ku Lusaka, ndipo makatani aja anali aatali kwambiri pa mawindo ake. A Ottilia anawadula pakati. Theka anapachika, theka lina anasokera Susan madiresi awiri a maluwa akuluakulu, amene mwanayo anawavala mpaka anamuthina m'mapewa.