Nyimbo imene amake Lute sanaiyambitse

Ndikakumbukira amake Lute, amene tinkasiyana nawo mpanda wokha ku Mtendere, chimene chimayamba kundifika ndi mawu awo. M'mawa uliwonse, amayi akukupiza mbaula, utsi wa makala onyowa ukutiwawa m'maso, tinkawamva akutuluka ndi beseni la ndiwo zamasamba pamutu: "Lepu! Chibwabwa! Tomatooo!" Mawuwo ankawoloka malata onse n'kukafika kumsewu wa mabasi eni ake asanadutse n'komwe pampopi. Ankayenda m'fumbi mpaka ku Kalingalinga, osanyamula ngakhale kabotolo ka madzi.

Makolo awo anachokera ku Malawi, ndipo amake Lute nyimbo za m'buku la kutchalitchi ankazidziwa pamtima. Maliro akagwa m'komboni, kaya a mpingo wathu kaya a wina, anthu ankabwera kudzawatenga. Ankaimba panyumba ya maliro, ankaimba pa lole yopita kumanda mphepo ikuwalowa kukamwa, pobwerera akuimbabe.

Ndili giredi faifi, mawu awo anayamba kusasa. Ankatafuna jinja n'kukakamiza ndithu, mitsempha ya m'khosi itachita kuima. Amayi anawakokera ku kiliniki, ndipo atabwerako ndinawamva akukangana pampanda.

"Mwamvela vamene bakamba ba nesi," anatero amayi. "Mupumuliseko pakosi masabata yabili. Muzimwa manzi. Osapunda, olo kunong'ona osayesa. Ngati siyasila, mubwelele."

"Amake Tisa, lepu siizigulisa yeka," anayankha ndi mawu okhala ngati akuchokera m'chitini. "Nanga muntu akafa, nibauze kuti chani? Kuti yembekezani?"

Anapuma masiku atatu. Tsiku lachinayi kunagwa maliro kukomboni ya Ng'ombe, ndipo ndinawaona akumanga chitenge m'chiuno. Ku kiliniki sanabwerereko.

Mvula ya chaka chotsatira itayamba, Lute anamwalira pobereka. Anali mwana wawo yekhayo, ndipo ndiye ankandiluka tsitsi Loweruka lililonse. Bokosi litalowa m'nyumba, azimayi atadzaza pamphasa, maso onse anatembenukira kwa amake Lute monga mwa chizolowezi. Palibe anaganiza kuti tsiku limenelo wofedwa ndi iwowo. Nawonso sanakane. Anadzutsa mutu, n'kutsegula pakamwa. Munatuluka mpweya wokha. Anagwira pakhosi n'kuyesanso, kachitatu konse. M'nyumbamo tinkangomva madontho akugwera mu ndowa pakona.

Pomaliza amayi ndiwo anayambitsa, koma anaikweza kwambiri, nyimbo n'kudukira pakati. Amake Lute ankangomenya mphasa ndi chikhatho kuti azimayi asasokere, misozi ikugwera pachitenge.

Ku chipatala chachikulu anapita pambuyo pake. Anawauza kuti m'kholingo munali zotupa zimene zinakhalitsa. Anawathandiza, mawu olankhulira anabwerako pang'ono, oonda, koma oimbira sanabwerenso. Lepu ankagulitsira pathebulo pakhomo, wogula akabwera yekha.

Tsiku lina ndinaima pageti ndikukuwira mlongo wanga amene ankasewera mpira kutali. Amake Lute anandikodola ndi dzanja, n'kundipatsa kapu ya madzi.

"Tisa, uli na mendo," anatero, ine nditawerama kuti ndimve. "Yenda pafupi ukamuuze. Ine nenze kuona monga mau siyasila. Ninayimbila bana ba bantu bonse. Wanga ninamupeleka chabe."

Lero ndimaphunzitsa ku Chilenje, m'kalasi yodzaza mpaka pakhomo. Botolo la madzi silichoka pathebulo langa. Ana akasokosa ndimaomba m'manja, sindikuwa. Pakhosi pakayamba kukanda, ndimalemba pabolodi, ndipo sabata imeneyo kukwaya sindipitako. Anzanga amati ndimadzimva, ndimasunga mawu ngati mazira. Amayi anga akalamba tsopano, miyendo ikutupa, ndipo nyimbo imene akufuna ndidzawayambitsire pamaliro awo anandiuza kale.