Loweruka Limene Kamphepo Anatseka Pakamwa

Mdzukulu wanga wometa uja anabadwa ndi matako osadziwa mpando. Ali wakhanda ankapalasa miyendo kumbuyo kwa amake ngati ali pa njinga, mpaka amalume ake anamutcha Kamphepo, dzina lenileni n'kuiwalika. Ena amati ndi wopupuluma. Amenewo apite kaye akamuone akumeta mwana wolira osamukanda ngakhale khutu, kenako adzayankhule.

Kachipinda kake kometera n'kothina: galasi long'aluka pakona, mpando wolira ukamatembenuka, benchi, ndi kasipika kopachika pamsomali. Iye amati mutu uliwonse uli ndi nyimbo yake. Mdala wadazi amamuikira ya magitala aulesi, mnyamata wokaonana ndi chibwenzi amamuikira yogunda pachifuwa.

Anzake a kusukulu anabalalika kalekale. Nesi ali kuchipatala chakutali, Aphunzitsi anawasamutsira kwina, Dalaivala amakhalira pamsewu ndi lole yake. Chowalumikiza ndi makhadi a pa intaneti Loweruka madzulo, aliyense pa foni yake, akusewera uku akunyogodolana. Kamphepo anadzipatsa yekha udindo woika nyimbo chapansipansi, kuti pasamakhale zii wina akamaganiza khadi loponya.

Mkazi wa Dalaivala atamwalira, mwini wakeyo anasiya kulowa m'masewerawo. Foni sankayankha. Patapita miyezi, Loweruka lina m'mawa anatumiza uthenga: "Lero ndibwera. Koma mukayamba kundimvera chisoni ndituluka, ndipo simudzandionanso."

Tsiku limenelo Kamphepo anali ngati wakhalira nyerere. Ankameta pang'ono n'kuthamangira ku foni, kubwerera, kuthamangiranso. Aike nyimbo yovina? Zioneka ngati aiwala maliro. Yodekha? Ndiye chisoni chakanidwacho. Yakutchalitchi inaimbidwa kumanda. Ya magitala ija anaidula isanafike pakati, atakumbukira kuti mlamu wake, malemu mkazi wa Dalaivala uja, anaivina paukwati atavula nsapato.

"Achimwene, mundimaliza kapena ndizipita ndi mutu watheka?" anafunsa kasitomala pampando.

"Pepani bwana, ndikusaka nyimbo."

"Isakeni m'tsitsi mwangamu, mwina ilimo."

Anatseka kachipinda kometera kaja dzuwa likadalipo. Kunyumba sanakhale pansi. Ankachoka kuchipinda kupita pakhonde, pakhonde kubwerera kuchipinda, foni ili kukhutu, mpaka mlongo wake amene ankasita zovala anatopa naye.

"Iwe, ukumba ngalande pansipa! Bwanji osangosewera chete?"

"Chete ndi amene akumudya munthu uja m'lolemo," anayankha Kamphepo osaima.

Mapeto ake anapeza ina yopanda mawu, ya chitoliro ndi ng'oma zofewa, yomwe sinaimbidwepo paukwati kapena pamaliro a munthu amene iwo ankamudziwa. Anaika kasipika pafupi ndi foni, n'kudzilumbirira kuti lero asunga pakamwa, asatulutse ngakhale kamawu kolakwika.

Dalaivala analowadi. Moni wake unali wouma. Makhadi anagawidwa, Nesi anaponya, Aphunzitsi anaponya, aliyense akuyenda monyang'ama ngati wanyamula mazira. Kamphepo anali ataluma mlomo.

"Ndinanena ine," Dalaivala anatero mwadzidzidzi. "Mwangoti zii ngati muli pasiwa. Tsalani bwino."

"Aise, dikira!" Kamphepo anadzambatuka, mpando n'kugwa. "Zii wake uti? Nyimbo ikulira iyi! Ndaisaka tsiku lonse!"

"Nyimbo yanji?" anafunsa Nesi.

"Yachitoliroyi! Simukuimva?"

Aphunzitsi anatsokomola ngati munthu wobisa phwete.

"Kamphepo, pulogalamu timayankhuliranayi imadula phokoso lililonse losakhala mawu a munthu. Chiyambire sitinamvepo nyimbo yako ngakhale imodzi."

"Nanga mumati ndimasankha bwino zija?"

"Timanena iweyo," anatero Nesi. "Nyimbo ikamalira kwanuko umaitsatira chapakhosi, ng'uu ng'uu, ngati njuchi yolowa m'botolo. Ife timamva zimenezo."

"Ndiye osandiuza?"

"Tikanamaseka chiyani?"

Kamphepo anayang'ana kasipika kake ngati kamubera. Miyezi yonse ija yosankha nyimbo! Mlongo wake anali atagwira pamimba pakhomo, simbi ili m'manja. Koma pa foni dzina la Dalaivala linali likadalipo. Sanatuluke.

"Mlamu wako ndi amene anatulukira chinsinsi," Dalaivala anayankhula pang'onopang'ono. "Ndikakhala kunyumba ankakhala pambali panga kumvetsera. Ankati, ameneyu akakweza mawu ndiye kuti wagwira makhadi abwino, mutsekereni. Umaganiza kuti umaluziranji Loweruka lililonse?"

"Ha! Moti mlamu ankandigulitsa?"

"Popanda ndi manyazi omwe." Dalaivala anapitiriza: "Njira yonse ndimaganiza za njuchi imeneyo. Ndalowa, ndapeza yafa."

Kamphepo anadzutsa mpando, koma sanaukhalire. Anayang'ana makhadi ake pa foni. Anali abwino, abwino zedi, oti akanangokhala chete akanawina koyamba. Anayeretsa kukhosi n'kuyamba kutsatira chitoliro chija, poyamba mwamanyazi, kenako mokweza mpaka galu wa aneba anayankhira.

"Wagwira! Wagwira ameneyo!" Dalaivala anakuwa, kuseka kukumutsamwa. "Nesi, mutsekere!"

Anamutsekeradi. Analuza masewero onse a tsikulo, akuyendayenda m'chipindamo ndi ng'uu ng'uu wake, ndipo potsanzikana anali Dalaivala amene anafunsa ngati Loweruka likubweralo ayambe nthawi yomweyo.

Mpaka lero mwanayo amasankhabe nyimbo za Loweruka, kuthamanga pakati pa mutu wa kasitomala ndi foni, chonsecho akudziwa kuti palibe adzazimve. Amaluzabe. Wofuna kumuseka abwere adzasekere pamaso panga.