Kabati ya nyundo

Mkulu wa mpingo woyandikana nyumba ndi Yosiya ku Mlolo sagulitsa zimene amapala. Akaweruka kumunda wa nsawa amangoseweretsa matabwa a mlombwa, nkumati, "Chitsulo nachonso chimafuna pogona."

Chaka chino akhoma kabati yachitseko, macheka ndi nsompho chilichonse pamsomali pake. Yosiya amaiyang'ana cham'mbali, mumtima akuifunira chiswe. Jekete lake logula ku Walale limagona pachingwe, ndipo makoswe adaliboola kale thumba.

Tsiku lina mkazi wake Lonia anaima nthawi yaitali akusisita chitseko chija.

"Bambo, muziikamo nsalu za amayi?"

"Iyayi mwanawe, muno ndi mwa nyundo."

Pobwerera Yosiya anatsogola. Kumbuyo kwake Lonia anangoti, "Nyundo ija inakwatiwa bwino."