Masokosi a Mpando wa Asekuru Mhango

Ndikati ndiwakumbukire asekuru Mhango, chimayamba kundifika ndi fungo la ulusi wonyowa ukuuma padzuwa, losakanikirana ndi utsi wa fodya wawo wopichirira m'makoko a chimanga. Ndimawaona atakhala pakhonde la nyumba yawo ku Bolero, miyendo atatambasula, masipoko awiri a njinga akugogodana m'manja mwawo, nkhuku zikujompha ulusi umene unkagubuduzika pansi. Dzanja lawo lamanzere linali ndi zala zitatu zokha. Ziwiri zinazo zinatsala kumgodi ku Joni, ndipo ankati ali gone m'chipatala cha kumeneko, Msutu wina wa pabedi loyandikana nalo ndiye anawaphunzitsa kuluka kuti zala zotsalazo zisaume.

Ife tinali alendo. Bambo anali mlangizi wa zaulimi, ndipo boma linawatumiza kumeneko kuchokera kwathu ku Ntcheu, zaka zija za chipani chimodzi pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Chitumbuka changa chinkathera pa "monire" ndi "yewo", choncho anzanga a kusukulu sankachedwa kutopa nane. Ndikaweruka ndinkathawira kwa asekuru, omwe nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu, chifukwa iwo ankandiyankhula Chichewa, ngakhale chinali chokhotakhota ngati msewu wa ku Njakwa.

Akazi awo anali atamwalira kale, koma m'nyumbamo chilichonse chinali ndi pake. Thumba la feteleza analisoka timatumba timatumba n'kulipachika kukhoma: ka masupuni, ka lumo, ka machesi, ka khadi la chipani. Zitini zakale za mkaka anaziveka khonje wolukidwa bwino, n'kumasungiramo mchere ndi mabatani. Wina akakwatira m'mudzimo, mphatso ya asekuru inkadziwika asanaitsegule n'komwe, chifukwa inali thumba lapakhoma lomwelo. Ulusi sankagula. Ankatola majuzi akutha amene anthu ataya, n'kuwamasula, kuviika ulusiwo m'madzi ofunda kuti uwongoke, kenaka kuuyanika pa waya. Masipoko ankawanola pamwala mpaka nsonga isalale.

Bambo sankaziona bwino zimenezi. Tsiku lina akupopa njinga yawo panja, anayankhula mokweza dala: "Munthu wamkuluwamkulu, ndevu zili pepepe, n'kumaluka ngati mtsikana. Kumgodiko sanasiyeko zala zokha amenewa."

Asekuru anamva. Sanadzutse n'komwe mutu. "A Mlangizi," anatero, "mphepo ikabwera sifunsa kuti juzi waluka ndani."

Chaka chachiwiri tili kumeneko, amayi anaima. Ine ndinkaona mimba ikukula, koma m'nyumba mwathu nkhaniyo inali yosatchula. Amayi anali ndi bala mumtima. Tikali ku Ntcheu anali atasokerapo kadiresi mwana ali m'mimba, mwanayo n'kubadwa wakufa, ndipo azakhali anawauza maso ndi maso kuti anadziputira okha tsoka posokera munthu amene sanamuone. Kuyambira pamenepo analumbira. M'nyumba mwathu simunalowe thewera, kapena kansalu kalikonse ka mwana.

Asekuru ankadziwa zonsezi, pakuti khonde lawo linali ndi makutu. Ndi nthawi imeneyo pamene anandinolera masipoko angaanga.

"Zani kuno, mwana wane. Lero tiyamba masokosi."

"A ndani, asekuru?"

"A mpando. Miyendo yake ikundikandira pansi."

Ndinayang'ana pansi pozira ndi dothi, ndinayang'ana mpando wawo wa ndalema, koma sindinatsutse. Tinaluka timasokosi tinayi. Titatha anati tiluke kachipewa kophimbira galasi la nyali kuti lisasweke. Kenaka anati tiluke timabwalo tambirimbiri tamitundumitundu, tilumikize, chikhale chophimbira wailesi.

"Koma asekuru, wailesi mulibe."

"Ndidzagula. Munthu umayamba wamanga khola, mbuzi pambuyo."

Ndinali mwana koma sindinali wopusa. Ndinkadziwa chimene tinkaluka, iwonso ankadziwa kuti ndikudziwa, ndipo chinsinsi chimenecho chinkanditsekemera kuposa nzimbe. Ndikaphonya mfundo ankandigogoda pamutu ndi sipoko, n'kundiuza kuti ndimasule mzere wonse. Ndinkalira ndi mkwiyo, mawa lake n'kubwereranso.

Mwana anabwera mu Juni, kutatsala miyezi iwiri kuti masiku ake akwane. Amene sanakhaleko ku Bolero m'nyengo imeneyo sangamvetse. Dzuwa likangopendeka, mphepo imatsika kuchokera ku Nyika, n'kulowa pansi pa chitseko, m'ming'alu ya mawindo, mpaka m'mafupa. M'mawa umenewo ndinadzidzimuka ndi mapazi a anthu, ndipo pamene ndinkatuluka n'kuti azamba a m'mudzimo, aNyaGondwe, atamaliza kale ntchito. Anandilola kusuzumira. Ndinaona kamnyamata kofiira, kamutu ngati lalanje, kakulira mawu osamveka ngati kamwana ka mphaka.

Bambo anathamanga pa njinga kukatenga anamwino a pachipatala chaching'ono. Anamwinowo atamuona mwanayo anati kumukweza lole kupita ku Boma pa msewu wafumbi uja, ndi mphepo imeneyo, kunali kumutaya dala. "Mumuike pachifuwa pa mayi ake, khungu kukhungu, ndipo ayamwe pafupipafupi. Kumutu ndi kumapazi kusazizire. Akangozizidwa usiku wa lero, sitimuonanso. Zovala zake zili kuti?"

Zitenje za amayi zinali zopyapyala, ndipo bulangeti la bambo linali lolemera moti likanamutsamwitsa. Ku sitolo za pa Bolero kunalibe kanthu ka munthu wochepa choncho.

Ndinaliyatsa liwiro kupita kwa asekuru, ndipo ndinawapeza atanyamula kale mtolo wa zoluka zathu zija. Mwamuna salowa m'chikuta, choncho anaima panja, ine n'kulowa nawo mtolowo ndikunyadira ngati ndapha mkango. Ndinauyala pamphasa. Amayi anayang'ana timasokosi, anayang'ana kachipewa, nkhope yawo n'kusintha.

"Zimenezi zinalukidwa liti?"

Ndinayamba kusalaza timasokosi tija pamphasa.

"Ndikufunsa iwe, Esinati. Zinalukidwa liti?"

"Kuyambira mwezi wa Malichi, amayi."

Analira kulira kumene sindinakumvepo. "N'chifukwa chake wabwera msanga! Mwandiitanira mwana masiku asanakwane! Chotsa, chotsa, zisamukhudze!"

ANyaGondwe anayesa kuwanyengerera, anamwino anakalipa, koma amayi anangomukumbatira mwanayo n'kutembenukira kukhoma. Ndinatola zinthu zija n'kutuluka nazo. Mumtima ndinkati ngati mwanayu afe, ndamupha ndine ndi masipoko anga.

Asekuru anamva zonse ali panja. Ndinkayembekeza kuti akwiya, kapena ayamba kuwauza amayi kuti zimenezo n'zachikale. Iwo anangotenga kachipewa kaja, n'kukayeza pa chibakera chawo.

"Mutu wake ndi wotani?"

"Ngati lalanje."

"Ndiye amama akunena zoona. Ichi n'cha nyali, chingamumize mpaka m'khosi." Anakoka mpando wawo n'kukauika pansi penipeni pa windo la chipinda cha amayi, nakweza mawu. "Amama! Tsegulani windo pang'ono muone. Za mpando ndi za nyali zija ndikumasula zonse. Mwana wabadwa, tamuona, ndi munthu. Zimene tiyambe panozi ndi zake, zoyamba lero. Pamenepo pali mlandu?"

Windo linatseguka pang'ono. Asekuru anadula mfundo, nakoka ulusi, ndipo ntchito yathu ya miyezi itatu inayamba kusungunuka ine ndikuona. Kachipewa kanatha, timasokosi tinatha, chophimbira wailesi chinasanduka mulu wa ulusi wopotanapotana. Ndinalira, sindinama. Patapita nthawi tinamva mawu a amayi, otopa: "Zoyamba lero ndilandira."

Apo n'kuti dzuwa lili pamutu. Asekuru analoza phiri la kumadzulo. "Likakafika apo, mphepo yayamba. Luwiro, mwana wane, tifulumire."

Vuto linali manja. Kachipewa, timasokosi, kajuzi ndi kabulangeti sizikanatheka ndi anthu awiri, wina wa zala zisanu ndi zitatu. ANyaGondwe anati amadziwa kuluka pang'ono, ndipo anaitana akazi ena awiri amene anaphunzirako ku mishoni. Koma masipoko analipo anayi okha. Asekuru anatembenuka, nayang'ana njinga ya bambo itatsamira pa mtengo wa mango. Kenaka anayang'ana bambo.

Njinga imeneyo bambo ankaipukuta kawiri patsiku, ndipo ine sindinkaloledwa ngakhale kuliza belu lake. Koma analowa m'nyumba, natuluka ndi pulayala, naigoneka njingayo chagada. Anadula masipoko asanu ndi limodzi ku gudumu lakutsogolo, nakhala pansi n'kuyamba kuwanola pamwala monga asekuru ankawauzira.

"Nsonga isabaye, a Mlangizi. Isalale. Mwatha? Tsopano tambasulani manja."

Bambo anatambasula manja onse awiri, asekuru n'kuwakoleka ulusi kuti akazi aja azikulunga. Anthu opita kuchigayo ankaima pamsewu kuonerera mlangizi wa boma, tayi ili pakhosi, atakhala pa dothi manja ali m'mwamba, ulusi wofiira ndi wobiriwira utamuzinga. Wina anaseka. Bambo sanatsitse manja.

Ine anandipatsa kachipewa. "Chimenechi ndiye chachikulu," anatero asekuru. "Kutentha kwa mwana kumathawira kumutu. Zala zanga sizingathe timfundo tating'ono chotere. Ukaphonya lero sindikumenya, koma usaphonye."

Sindinadye tsiku limenelo. Ndinkamva masipoko khumi akugogodana, akazi aja akuyankhula Chitumbuka chothamanga, ndipo kawirikawiri tonse tinkaima kumvetsera ngati kamawu kaja kakumvekabe m'nyumba. Kakamveka, manja ankayambiranso. Khosi linauma, chala chinatuluka thuza, mthunzi wa mango unkatalika kulowera kwa ife. Nditafika pamwamba pa kachipewa, asekuru anandigwira dzanja n'kundionetsa potsekera. Mphepo yoyamba inagwedeza masamba ine ndikudula ulusi ndi mano.

Ndinalowa nazo ndekha. Amayi anatenga kachipewako, nakatembenuza uku ndi uku, n'kumuveka. Kanamukwana ngati anabadwa nako. Timasokosi tinamufika m'mawondo. Anamubwezera pachifuwa, tinamufunditsa kabulangeti kamitundumitundu kaja, ndipo patapita kanthawi aNyaGondwe anagwira kaphazi kake, nati, "Wafunda."

M'mawa mwake anali moyo. Mawa linalo analinso moyo. Sabata yachiwiri anayamba kulira mokwiya, kulira kwenikweni kosowetsa anthu tulo, ndipo sindinamvepo nyimbo yokoma ngati imeneyo. Koma dzina sanamupatse. Amayi ankaopabe, ndipo tonse tinkangomuti "mlendo".

Itatha miyezi iwiri tinapita naye kusikelo. Anamwino aja anamuika pa sikelo, anayang'ana muvi, anamuchotsa, anamuikanso, kenaka anaomba m'manja. "Uyu ndi uja? Amayi inu, mwana wanu wadutsa!" Azimayi onse pamzere anaimirira kudzaona, ndipo wina anagwira kachipewa kaja, kamene tsopano kankangokhala pansonga pa mutu, n'kufunsa ngati tinakagula ku Mzuzu.

Amayi, omwe sankakonda kuyankhula pagulu, anayankha mokweza kuti aliyense amve. "Waluka ndi mwana wangayu. Anamuphunzitsa ndi a Mhango, a pafupi ndi ife. Popanda iwo bwenzi ndabwera kuno chimanjamanja." Wina anayambitsa nthungululu, ndipo ine ndinabwerera kunyumba mapazi osagunda pansi.

Madzulo a tsiku lomwelo bambo anavala jekete, nagwira tambala wathu wamkulu, natiuza tonse kuti tiwatsatire. Mwa mwambo wathu, dzina likanachokera kwa akuluakulu a ku Ntcheu, ndipo kalata yawo inali itafika kale. Koma bambo anawoloka bwalo, nafika pakhonde la asekuru, nanjuta pansi, chipewa chili m'manja.

"Adada," anatero. Aka kanali koyamba kuwatchula choncho, ngati bambo awo owabereka. "Pakamwa panga panalakwa. Mwanayu alibe dzina. Tabwera kuti mumutche ndinu."

Asekuru anaika masipoko pansi. Anamulandira mwanayo ndi manja awo operewera zala, namuyang'ana nthawi yaitali.

"Yewo chomene," anatero. "Ine ana anga onse anagona kumanda ali aang'ono. Ndinkati dzina limeneli ndipita nalo. Uyu ndi Chawanangwa." Anandiyang'ana ine. "M'chiyankhulo chanu, mphatso."

Patatha zaka zitatu boma linatisamutsa, ndipo asekuru anamwalira ife tili kutali. Sitinamve msanga, moti maliro awo sitinakhale nawo, ndipo chimenecho chimandiwawabe. Mchimwene wangayo lero ndi chimunthu chachitali, choti polowa pakhomo chimawerama, ndipo ali ndi ana anayi. Kwathu ku Ntcheu anthu amapunthwa nalo dzina lake, ndipo pamaliro kapena paukwati sipalephera wina wofunsa kuti Mngoni ameneyu dzina la Chitumbuka analitola kuti. Iye amangoloza ine, amvekere, "Funsani achemwali." Ndipo ine ndimamuuza wofunsayo kuti akoke mpando akhale, chifukwa sindiyankha mwachidule.