Kabawi wa Agogo Nagama

Ndikamva fungo la chikopa chonyowa ndi mvula, mtima wanga umabwerera ku Finglas, mumzinda wa Dublin, m'khichini mwa agogo Nagama, momwe golovesi yaikulu ya kudzanja lamanzere inkauma pamwamba pa hita, mpunga ukuwira pachitofu ndipo mawindo atachita nthunzi. Sanali agogo anga enieni. Ankakhala khomo loyandikana ndi lathu, ndipo mayi anga akapita kuntchito yosamalira okalamba ankandisiya kwa iwo. Ankandiyankhula Chichewa, ine n'kumayankha Chingerezi, iwo n'kumangopukusa mutu kwinaku akundiwonjezera chakudya m'mbale.

Pakhomo pawo munthu sankachoka ndi njala. Wobweretsa makalata, ana a azungu a m'mwamba, ngakhale mphaka wa eni ake, onse ankadziwa kuti akafika pamenepo pakamwa pachita mafuta. Ukati wakhuta, ankakuyang'ana ngati wawatukwana.

Ankagwira ntchito yokolopa pahotela ina ku Citywest, ndipo mawondo anali atayamba kuwakana. Pahotelapo pankabwera bambo wina wachiairishi, a Declan, ndi kabawi woweta wothamangitsira nkhunda padenga. Bamboyo anawauza kuti akapeza satifiketi yoyamba ya kasungidwe ka mbalame zolusa adzawatenga kuti azigwira limodzi. Amalawi anzawo anaseka mpaka misozi. "Kumudzi timaponya miyala kabawi akamalanda anapiye, inu mukukamuphunzirira sukulu?" Agogo ankangoti, "Mawondowa ndi anga. Mopu ija indipha."

Loweruka lililonse tinkakwera sitima kupita ku famu ina kuseri kwa Skerries, komwe a Declan ankaphunzitsa. Kabawi amene anawapatsa anali wamkazi, wa nthenga zakuda mofiirira, dzina lake Bridie, koma agogo ankati Bulidi. Anaphunzira kumanga timalamba ta kumiyendo ndi dzanja limodzi, kutsuka khola, kuona zitosi ngati zili bwino, ndi kumuyeza pasikelo. Lamulo lalikulu linali limodzi: kabawi azikhala ndi kanjala pang'ono, chifukwa wokhuta sabwerera kudzanja la munthu. Agogo ankavomera ndi mutu, koma m'chikwama mwawo munkakhala mitima ya nkhuku yokulunga m'pepala, ndipo m'masiku awo osamalira khola a Declan akangopotoloka, Bulidi ankalandira zake.

Tsiku la mayeso kunali mphepo yozizira yochokera kunyanja. Anamumasula Bulidi, anauluka bwinobwino n'kukatera pamtengo wa kumpanda. Agogo anakweza dzanja, kanyama kali pagolovesi, n'kuimba mluzu. Mbalame inangowayang'ana, kenako inayamba kudzikonza nthenga. Anaimbanso mluzu mpaka milomo inauma, ophunzira anzawo atazolika. Ine manyazi anandigwira ngati ndine amene ndalephera. Bulidi atatsika mwa kufuna kwake madzulo, a Declan anamugwira pachifuwa, n'kumuika pasikelo, n'kufunsa kuti ndani wakhala akumudyetsa. Agogo sanabise. "Ndine. Amalira." A Declan anawauza modekha kuti awapatsa mwayi wina umodzi wokha, chifukwa kabawi wosabwerera amatha kusochera n'kukafera kutchire.

M'sitima pobwerera agogo anaika golovesi pamiyendo. Kenako anayamba kuyankhula akuyang'ana pawindo, osati kwa ine. Anandiuza kuti ku Ntcheu anali ndi mwana wamwamuna, dzina lake Yamikani. M'chaka cha njala ankamugawira phala la gaga pang'onopang'ono kuti ufa ufike kutsogolo, ndipo mwana akatambasula mbale ankamuuza kuti, "Mawa, mwanawe." Mwanayo anafooka, anadwala, ndipo anamwalira ufa wina ukadali m'thumba.

"Kuyambira tsiku limenelo, Tadala, sindinauzepo kamwa lililonse kuti mawa," anatero. "Tsono azunguwa akufuna ndiuze mbalame."

Ndinali mwana, ndipo Chichewa changa chinali chosakwana kunyamula nkhani yotere. Ndinangotsamira paphewa pawo, ndipo chisoni chinandigwira chomwe ndinali ndisanachimvepo.

Ndinkaganiza kuti asiya. Koma Loweruka lotsatira anandidzutsa m'mamawa, ndipo m'chikwama munalibe pepala lija. Bulidi atawaona anayamba kulira mokuwa, akuweramitsa mutu n'kumayang'ana chikwamacho. Agogo anamupatsa kachidutswa kamene a Declan anayeza, basi, n'kuima pomwepo osachoka, mbalame ikuwalirira kumaso, misozi yawo ikutsikira m'kolala ya jekete. Masana ophunzira anzawo atatulutsa masangweji, iwo anakhala padera manja ali m'thumba. Ndinawapatsa mbatata yanga, anakana.

"Idya iwe. Ngati Bulidi akudikira, inenso ndidikira. Njala ya awiri imapepuka."

Anatero masabata onse otsalawo. Ine ankandiphikira monga mwa masiku onse, koma iwo ankadya kamodzi, madzulo, akatsimikiza kuti mbalame yalandira gawo lake. Mayi anga anawakalipira kuti adzidwalitsa, a Declan nawo anawauza kuti palibe lamulo lotero, koma agogo Nagama akagwira mfundo anali ngati nkhupakupa.

Pa mayeso achiwiri, mluzu umodzi unakwana. Bulidi anachoka pamtengo, anadutsa chapansipansi pamwamba pa udzu, n'kutera pagolovesi mwamphamvu mpaka dzanja linagwedezeka. Anthu anaomba m'manja. Agogo sanamwetulire. Anafunsa a Declan ngati tsopano angamudyetse mpaka akhute, ndipo atavomera anakhala pansi pa udzu wonyowa n'kumupatsa nyama chidutswa ndi chidutswa, akumuyankhula motsitsa mawu m'Chichewa. Zimene ankanena sindinazimve, ndipo sindinawafunse.

Anagwira ntchito ya padenga ija zaka zingapo, akunyadira kuti nkhunda za ku Dublin zimawadziwa. Anamwalira ine ndili kukoleji, ndipo thupi lawo tinalitumiza ku Ntcheu monga anapempha, kuti akagone pafupi ndi mwana wawo.

Lero ndine namwino m'wodi ya ana. Kawirikawiri ndimayenera kuuza mwana amene akudikira opareshoni kuti sadya kanthu mpaka adokotala atamaliza, ndipo amandiyang'ana ndi maso osamvetsa. Ndimadziwa kuti ndikumuchitira zabwino, koma mawuwo amandilemera pakamwa. Ndikatero sindichoka msanga pambali pa bedi lake, ndipo chakudya changa chimakhala m'chikwama chosatsegula. Anzanga amandiseka kuti ndikusala kudya ngati wa mapemphero. Ndimangowasiya. Mwanayo akadzuka n'kumeza supuni yake yoyamba, m'pamene inenso ndimakadya.